Kulota mayankho pa mayeso a A, B, C, D: polota, posiya, ndi masamu ake

Mayeso akayandikira, funso lomwelomweli limabwera kuchokera kwa ophunzira osiyanasiyana: "Ngati yankho sindikulidziwa, ndilote kapena ndisiye osayankha? Nanga n'zoona kuti ukasowa chochita uzingolemba C?" Ndayankha mpaka malovu kuuma m'kamwa, choncho ndalemba pano kuti wofunsanso ndizingomulozera.

Timvane kaye pa mawu. Ndikati mayeso osankha ndikunena aja ambiri amawatchula kuti multiple choice: funso limodzi, pansi pake mayankho anayi kapena asanu, lolondola limodzi, enawo ongosokoneza. Kulota ndi kusankha yankho usakulidziwa, ndipo kuli pawiri. Pali kulota kwa chimbulimbuli, kongotsinzina n'kuloza chilembo, ndiye pali kulota kochotsera, kumene umayamba wataya mayankho amene ukuona kuti ndi abodza n'kusankha pa otsalawo. Mphoto ndi malikisi amene mumapeza mukakhoza. Chilango ndi malikisi amene amakudulani mukalakwa. Ndikamati mwayi sindikunena za tsoka kapena madalitso, ndikunena nambala: pa maulendo 100, mungakhoze kangati.

1. Dziwani kachongedwe ka mayesowo tsiku lolemba lisanafike

Mayeso sachongedwa mofanana, ndipo malangizo abwino pa mayeso awa amatha kukugwetsani pa ena. Fufuzani zinthu zinayi: mukakhoza mumapeza malikisi angati, mukalakwa amakudulani angati, mukasiya osayankha mumapeza chiyani, ndipo pa funso lililonse pali mayankho angati osankhapo.

Onani kusiyana kwake. Mayeso a SAT, olowera ku makoleji a ku America, kale ankakhala ndi mayankho asanu pa funso, ndipo wolakwa ankamudula kota ya malikisi imodzi. Mu 2016 bungwe la College Board, lomwe limayendetsa mayesowa, linachotsa chilangocho n'kuchepetsa mayankho kukhala anayi. Pa mayeso ake a AP, a maphunziro a mulingo wa koleji amene ophunzira a sekondale amalemba, linali litachichotsa kale mu 2011. Mayeso a ACT, enanso olowera ku makoleji a ku America, ndi a TOEFL ndi IELTS, oyesa luso la Chingerezi, sadula chilichonse ukalakwa. Koma ku India, pa mayeso a NEET olowera ku sukulu za udokotala, wokhoza amapeza malikisi 4 ndipo wolakwa amamudula 1. Pa gawo loyamba la mayeso a UPSC, olowera ntchito za boma konko, wolakwa amamudula gawo limodzi mwa magawo atatu a malikisi a funsolo. Mpikisano wa masamu wa ku America wa AMC 10 ndi AMC 12 uli ndi njira yakeyake: wokhoza amapeza 6, wolakwa 0, koma wosiya osayankha amapatsidwa 1.5.

Cholakwika chofala apa ndi kumvera munthu amene analemba mayeso omwewo zaka khumi zapitazo, kapena buku lakale lokonzekerera. Iwo akunena zoona za nthawi yawo. Malamulo amasintha, choncho werengani a chaka chino kuchokera kwa eni mayeso, ndipo mukalandira pepala werenganinso malangizo a pamwamba aja amene ambiri amangowadumpha.

2. Ngati palibe chilango, musasiye funso ngakhale limodzi

Apa palibe zokambirana. Funso losayankha limakupatsani ziro. Funso lolota, pa mayankho anayi, limakupatsani mwayi umodzi pa inayi, womwe ndi 25 peresenti. Pa mayankho asanu ndi 20 peresenti, ndipo pa mafunso a "zoona kapena zabodza" ndi theka. Kusiya mpata pa mayeso otere n'kutaya malikisi dala.

Koma musakokomeze mphamvu ya kulotako. Tiyerekeze mayeso a mafunso 50, mayankho anayi pa funso, ndipo mwalota onse. Pa avereji mukhoza 12 kapena 13. Olota ambiri adzapezeka pakati pa 9 ndi 16. Kuti mufike pa 25, theka la malikisi, mwayi wake ndi wa munthu m'modzi pa anthu pafupifupi 8,000. Kukhoza mafunso khumi onse mongolota kumachitika kamodzi pa maulendo 1,048,576. Ndipo mukalota mafunso asanu okha, pali mwayi wa 24 peresenti woti mulakwa onse asanu, ndiye zikatero musamati masamu anama.

Mafunso oti musankhe mayankho angapo nthawi imodzi ndi oipirapo. Akati "sankhani awiri mwa asanu", pali njira 10 zowaphatikizira, ndipo yolondola ndi imodzi. Akati "sankhani onse olondola" pa mayankho anayi osanena kuti ndi angati, njira zimakwana 15. Yankhanibe ngati chilango palibe, koma musawerengerepo.

3. Ngati chilango chilipo, werengani malire anu kunyumba

Malire ndi mwayi wochepetsetsa umene uyenera kukhalapo kuti kulota kupindule. Kupeza kwake n'kosavuta: tengani chilango, muchigawe ndi nambala imene mwapeza mutaphatikiza mphoto ndi chilango. Pa NEET ndi 1 kugawa ndi 5, zomwe ndi 20 peresenti. Kulota kwa chimbulimbuli pa mayankho anayi kuli pa 25 peresenti, kutanthauza kuti kwadutsa kale malirewo. Ambiri amadabwa nazo zimenezi, chifukwa akangomva zoti pali kudula malikisi amaganiza kuti kulota n'koletsedwa.

Ngati mumadana ndi tizigawo ta nambala, ganizani za mafunso 12 amene simukuwadziwa. Mukalota mwachimbulimbuli pa mayankho anayi, pa avereji mukhoza 3 n'kulakwa 9. Mukachotsa yankho limodzi pa funso lililonse, mukhoza 4 n'kulakwa 8. Mukachotsa awiri, mukhoza 6 n'kulakwa 6. Tsopano ikanipo lamulo la mayeso anu.

Pa lamulo la malikisi 4 ndi chilango cha 1, chimbulimbuli chikupatsani 12 kuchotsa 9, kutsala 3. Mutachotsa limodzi mupeza 16 kuchotsa 8, kutsala 8. Mutachotsa awiri, 24 kuchotsa 6, kutsala 18.

Pa lamulo lodula gawo limodzi mwa atatu, tiwerenge ngati funso ndi la malikisi imodzi. Chimbulimbuli chikupatsani 3 kuchotsa 3, kutsala ziro. Si mwangozi. Okonza mayeso amasankha dala chilango chimenechi kuti wongolota asapindule kanthu komanso asaluze kanthu: chilango chimakhala 1 kugawa ndi chiwerengero cha mayankho abodza. N'chifukwa chake SAT yakale, ya mayankho asanu, inkadula kota. Pa lamulo lotereli, mukangochotsa yankho limodzi mwayamba kupindula: 4 kuchotsa 2.67, kutsala 1.33. Mukachotsa awiri mumatsala ndi 4.

Pali mayeso ena ankhanza, odula malikisi imodzi yathunthu pa funso la malikisi imodzi. Apo malire ndi 50 peresenti. Chimbulimbuli chikusiyani ndi ngongole ya 6, kuchotsa limodzi ngongole ya 4, ndipo ngakhale mutachotsa awiri mumangobwerera pa ziro. Pa mayeso otere yankhani zokhazo zimene mtima ukutsamira kwambiri mbali imodzi.

Kumene wosiya amapatsidwa malikisi, awonjezereni ku chilango chimene mukuchigawacho, koma nambala yogawira ija isasinthe. Pa AMC ndi 1.5 kugawa ndi 6, kutanthauza 25 peresenti. Mayankho ndi asanu, choncho chimbulimbuli chimabweretsa 1.2 pa funso, kuchepera pa 1.5 ya wosiya. Kuchotsa limodzi kumangofananitsa. Phindu limayamba mukachotsa awiri.

Mantha a chilango amadyetsa anthu malikisi kuposa chilango chenichenicho. Katherine Baldiga, katswiri wa zachuma, anafalitsa kafukufuku mu 2014 wosonyeza kuti chilango chikakhalapo, akazi ankasiya mafunso ambiri kuposa amuna odziwa zofanana nawo, ndipo osiyawo ankapeza malikisi ochepa poyerekeza ndi zimene ankadziwa. Ngati ndinu munthu wosakonda kuchita zinthu musanatsimikize, dziwani kuti khalidwe limeneli, labwino m'malo ambiri, pano lingakupwetekeni.

Chinthu chimodzi chimene avereji sanena: ngati chofunika ndi kungodutsa malikisi okhozera, funso limasintha pang'ono. Pamene kulota kumabweretsa ziro pa avereji, munthu amene akudziwa kuti wadutsa kale alibe chifukwa choikira malikisi ake pachiswe. Amene akuona kuti wapereweza pang'ono ayenera kulota, chifukwa akasiya ndiye kuti walephera kale.

4. Yendani m'pepala kawiri kapena katatu, mukuika zizindikiro

Ulendo woyamba yankhani zimene mukuzidziwa, osakakamira pa funso lovuta. Pambali pa funso lililonse, ngati amalola kulemba pa pepala la mafunso, ikani chizindikiro: T pamene mwatsimikiza, K pamene mukukayikira pakati pa awiri kapena atatu, L pamene palibiretu chimene mukudziwa. Ulendo wachiwiri ndi wa mafunso a K, chifukwa m'pamene mphindi imodzi yoganiza imabweretsa malikisi. A L ndi a kumapeto.

Gawani nthawi musanayambe. Mafunso 60 m'mphindi 60 sizitanthauza mphindi imodzi pa funso. Sungani mphindi zisanu za kumapeto, ndipo mafunso osavuta aziperekako nthawi yawo kwa ovuta. Musanayang'ane mayankho, phimbani ndi dzanja n'kuyesa kuyankha funsolo m'mutu. Zimathandiza kuti mayankho osokoneza asakulowetseni maganizo awo musanakhale ndi anu.

5. Chotsani mayankho, ndipo chotsani ndi chifukwa

Kuchotsa kwamphamvu kumachokera pa zimene mukudziwa za phunzirolo, ngakhale zitakhala zochepa. Mwina chaka chenicheni mwaiwala, koma mukudziwa kuti chinthucho chinachitika nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha. Chaka chilichonse cha 1945 isanafike chachoka. Pa masamu ndi sayansi yerekezani kukula kwa yankho musanawerengere mwatsatanetsatane. Onani muyeso: funso lofuna liwiro silingayankhidwe ndi makilogalamu. Mwayi sungapose 100 peresenti, ndipo mbali imodzi ya thirayango singatalike kuposa zinazo ziwiri zitaphatikizidwa. Ngati funso lili ndi nambala yosowa, lowetsani mayankhowo m'funsomo limodzilimodzi. Akawandandalika kuyambira laling'ono, yambani ndi la pakati, chifukwa likachepa kapena kukula mwadziwa mbali yoti mutaye.

Kenako pali kuchotsa kochokera pa kaganizidwe chabe. Pa funso la yankho limodzi, mayankho awiri onena chinthu chimodzi m'mawu osiyana sangakhale olondola onse, choncho onse awiri achoke. Pamene pali lakuti "onse ali pamwambawa", mukatsimikiza kuti awiri ndi oona, yankho ndi limenelo. Mukatsimikiza kuti limodzi ndi labodza, mwachotsa awiri nthawi imodzi, labodzalo ndi "onse" uja. Mayankho awiri otsutsana kwenikweni, lina lakuti chinthu chimakwera lina lakuti chimatsika, nthawi zambiri amasonyeza pamene pagona funso, ngakhale sikuti lolondola liyenera kukhala limodzi mwa iwo.

Chenjerani ndi mafunso okana, aja okhala ndi mawu ngati "si", "kupatula", kapena pa Chingerezi NOT ndi EXCEPT. Apa mumachotsa zoona n'kusunga chabodza. Ophunzira ambiri amawerenga bwino poyamba, koma akafika pa yankho lachitatu aiwala, n'kusankha chiganizo choona chimene chawasangalatsa. Lembani mzere kunsi kwa liwu lokanalo.

Pomaliza pali zizindikiro za kalembedwe, zimene mabuku ambiri okonzekerera mayeso amazitamanda. Amati yankho lalitali ndi lofotokoza mosamala limakhala loona kawirikawiri, chifukwa wolemba amafuna kuti lisatsutsike. Amati mayankho okhala ndi "nthawi zonse", "onse" kapena "sizichitika konse" amakonda kukhala abodza. Amati yankho losagwirizana ndi funso pa galamala ndi labodza. Muli choonadi m'zimenezi, makamaka pa mayeso amene mphunzitsi m'modzi walemba mothamanga. Koma mabungwe akuluakulu a mayeso amazidziwa zonsezi kuposa inu, ndipo amaunika mafunso awo kuti zisapezeke. Zigwiritseni ntchito pothetsa mkangano pakati pa mayankho awiri otsala, osati pogonjetsa chinthu chimene munaphunzira.

6. Yesani ngati kuchotsa kwanu n'kodalirika

Apa m'pamene malangizo ambiri amadumpha, ndipo ine ndimaona kuti m'pamene pali nkhani yonse. Masamu a pa nambala 3 aja, akuti mukachotsa limodzi mwayi ukwera kufika pa 33 peresenti ndipo mukachotsa awiri ufika pa 50, ali ndi chinthu chimene sanakuuzeni. Akuganiza kuti yankho limene mwatayalo ndi labodzadi. Nanga ngati mwataya loona?

Tiwerenge. Pa mayankho anayi mwachotsa limodzi. Ngati pa maulendo 100 otere mumataya yankho loona maulendo 10, ndiye kuti loona limatsala maulendo 90, ndipo inu mumalipeza kamodzi pa katatu: 30 peresenti. Mwapindulabe. Ngati mumataya loona maulendo 25, otsala ndi 75, kugawa patatu ndi 25 peresenti, chimodzimodzi ndi wongotsinzina. Khama lanu lonse lapita pachabe. Ngati mumataya loona maulendo 40, mwayi wanu ndi 20 peresenti, kutanthauza kuti mnzanu amene sanawerenge n'komwe funsolo akukuposani. Pochotsa awiri n'chimodzimodzi: ngati pa maulendo 20 mwa 100 loona lili pa awiri otayidwawo, mwayi wanu ndi 40 peresenti, osati 50.

Mwina mukufunsa kuti zingatheke bwanji munthu woganiza kuposedwa ndi wongolota. Zimatheka chifukwa mayankho abodza sachokera kumwamba. Wokonza mayeso amakhala pansi n'kudzifunsa kuti wophunzira wodziwa pang'ono amalakwitsa pati, kenako amatenga kulakwitsa kumeneko n'kukuika pa pepala ngati nyambo pa mbedza. Taonani funso ili. Galimoto yapita kwinakwake pa liwiro la makilomita 60 pa ola, n'kubwerera njira yomweyo pa makilomita 40 pa ola. Liwiro lake pa avereji ndi chiyani? Mayankho: A 45, B 48, C 50, D 52. Diso limathamangira pa 50, pakati pa 60 ndi 40. Wophunzira wokayikira amataya 48 ndi 52 poti akuoneka achilendo, n'kutsala ndi 45 ndi 50, akudziuza kuti mwayi wake tsopano ndi theka. Mwayi wake ndi ziro. Ngati ulendowo ndi wa makilomita 120, kupita kwatenga maola awiri, kubwerera atatu. Makilomita 240 m'maola asanu ndi 48. Ndipo ngakhale osawerengera, wodziwa kuti galimotoyo yatha nthawi yaitali ikuyenda pang'onopang'ono akanataya 50 ndi 52, chifukwa avereji iyenera kutsamira ku 40. Kumeneko ndiye kuchotsa kokhala ndi chifukwa. Koyamba kuja kunali kuchotsa poona nkhope ya nambala.

Lamulo loti mutenge ndi ili: musanataye yankho, nenani mumtima chiganizo chimodzi choyamba ndi "chifukwa". Ngati chimene chikubwera ndi chakuti "sindinalimvepo" kapena "silikuoneka bwino", musalitaye. Liwu lachilendo kwa inu likhoza kukhala la mutu womwe munadumpha powerenga. Komanso pa funso limene mukuona kuti ndi lovuta, yankho lofika msanga popanda thukuta liyenera kukukayikitsani.

Koma lamulo lokha silikwanira. Muyenera kudziyeza, ndipo zimenezi zimachitikira kunyumba ndi mapepala a mayeso akale. Lembani pepala lonse mosunga nthawi, mukuika T, K ndi L monga tanenera, komanso mukudula ndi pensulo yankho lililonse limene mwataya. Pochonga musangowerenga malikisi onse pamodzi. Werengani gulu lililonse palokha. Pa mafunso a T mwakhoza angati? Pa a K angati? Ndipo pa mafunso amene munadula mayankho, ndi kangati pamene loona linali pa odulidwawo?

Tiyerekeze kuti mwasonkhanitsa mafunso 30 a K amene munatsala ndi mayankho awiri, ndipo mwakhoza 11. Imeneyo ndi 37 peresenti. Pa mayeso odula 1 pa malikisi 4, pitirizani kulota, mwadutsa malire patali. Pa mayeso odula theka la malikisi, amene malire ake ndi 33 peresenti, mwangodutsa pang'ono. Pa odula malikisi yathunthu, siyani. Wina adzapeza kuti pa K amakhoza 20 mwa 30. Ameneyo amadzikayikira mopitirira muyezo, ndipo akamasiya mafunso akudzibera yekha. Wina adzapeza kuti pa T, pomwe amati watsimikiza, amakhoza 7 pa 10 alionse. Vuto lake si kulota, ndi kuwerenga funso mothamanga kapena mfundo zimene anazimva molakwika.

Pepala limodzi silokwanira. Mafunso asanu kapena khumi angakunamizeni, poti pa nambala zochepa mwayi umasewera kwambiri. Sonkhanitsani mafunso a K osachepera 30, ndipo ngati mungathe agaweni potsata mitu. Munthu yemweyo amatha kukhala wochotsa bwino pa galamala koma wokodwa kawirikawiri pa masamu a tizigawo, ndipo m'chipinda cha mayeso ayenera kudzikhulupirira mosiyana pa ziwirizi.

7. Nkhani ya chilembo C ndi mizere ya zilembo

Nthano ya C ili ndi pochokera. Mu 2003 Yigal Attali ndi Maya Bar-Hillel anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti anthu akamakonza mafunso pamanja amakonda kubisa yankho loona pakati, kupewa chilembo choyamba ndi chomaliza, ndipo olota nawonso amakonda kuloza pakati pomwepo. Choncho pa mayeso a m'kalasi B ndi C akhoza kukhala ndi mwayi wokwererapo pang'ono. Pa mayeso akuluakulu, kumene amasakaniza kapena kulinganiza zilembo dala, palibe chilembo chodala. Pa mayeso ena a pa kompyuta mayankho amasinthidwa malo kwa wolemba aliyense, moti C wanu si C wa mnzanu.

Ngati mwatsala ndi mafunso khumi a chimbulimbuli, kulemba chilembo chimodzi pa onse ndi kusakaniza zilembo kumabweretsa avereji yofanana, 2.5. Ubwino wa chilembo chimodzi ndi woti simutaya nthawi kuganiza. Sankhani chilembo chanu kunyumba, nkhani ithere pomwepo.

Choopsa kwambiri ndi kusintha yankho labwino chifukwa cha maonekedwe a pepala. Mwapeza B katatu motsatizana, mtima wayamba kugunda, mukuti wachitatuyo sangakhale B. Angakhale. Ngati zilembo zasakanizidwa mwachisawawa, funso lililonse silikumbukira la m'mbuyo, ndipo mwayi wa B ukadali umodzi pa inayi. Pa mayeso a mafunso 50 osakanizidwa motero, mwayi woti penapake papezeke chilembo chimodzi katatu motsatizana umaposa 90 peresenti. Kusapezeka kwa mzere wotere ndiye kukanakhala kodabwitsa.

8. Kusintha yankho si tchimo

Ambiri anauzidwa kuti yankho loyamba kubwera m'mutu ndiye loona. Kafukufuku wa zaka zambiri amatsutsa zimenezi. Mu 2005 Justin Kruger, Derrick Wirtz ndi Dale Miller anafalitsa zimene anapeza ataunika zofufuta pa mapepala a ophunzira oposa 1,500 a pa University of Illinois. Pa mayankho osinthidwa, 51 peresenti anachoka pa labodza kupita pa loona, 25 peresenti anachoka pa loona kupita pa labodza, ndipo otsalawo anachoka pa labodza kupita pa labodza lina. Kusintha kunathandiza kawiri kuposa mmene kunapwetekera. Chimene chimasunga nthanoyi ndi chakuti kufufuta yankho loona kumawawa kwambiri, ndipo munthu amakukumbukira kwa nthawi yaitali, pamene maulendo amene kusintha kunamupulumutsa amawaiwala tsiku lomwelo.

Izi sizikutanthauza kuti muzisintha chisawawa. Sinthani mukapeza chifukwa chatsopano: mwaona liwu lokana limene munalidumpha, mwawerengeranso n'kupeza pamene munalakwitsa, kapena funso lina kutsogolo lakukumbutsani mfundo. Mantha okha si chifukwa. Pa mapepala oyeserera aja lembaninso paliponse pamene mwasintha, kuti muone ngati kusintha kwanu kumakuthandizani.

9. Mphindi zomaliza

Zikatsala mphindi zisanu, lekani kulimbana ndi funso lililonse. Pa mayeso opanda chilango dzazani mipata yonse ndi chilembo chanu chija, kupatula pamene munachidula kale. Pamenepo tengani china mwa otsala. Pa mayeso a chilango bwererani ku malire anu: yankhani a K ngati muyeso wanu wa kunyumba unadutsa malirewo, ndipo a L muwayankhe pokhapokha ngati chimbulimbuli chimapindula pa lamulo limenelo.

Ngati mayankho mumalemba pa pepala lina la timabwalo todetsa ndi pensulo, musadikire kumapeto kuti musamutse onse. Samutsani tsamba lililonse likatha, ndipo pakapita mafunso khumi onani ngati nambala ya funso ikugwirizana ndi nambala ya mzere. Mukadumpha funso 17 n'kuika yankho la 18 pa mzere wa 17, mayankho onse otsatira asuntha, ndipo zimene munazidziwa bwino zasanduka zolota. Fufutani bwino posintha, chifukwa makina ochongera akaona timabwalo tiwiri todetsedwa kawirikawiri amawerenga ngati mwalakwa.

Pa kompyuta fufuzani msanga ngati mungabwerere m'mbuyo. Mayeso ena amasankha funso lotsatira potengera mmene mwayankhira lapitalo, ndipo salola kudumpha, choncho njira yoyenda kawiri m'pepala siigwira ntchito. Kulota kumachitika pomwepo, funso lili pamaso panu. Pa GMAT, mayeso olowera ku maphunziro apamwamba a zamalonda, mwachitsanzo, kusiya mafunso osayankha nthawi ikatha kumatsitsa malikisi, moti ndi bwino kudziikira malire a nthawi pa funso lililonse, kuchotsa zimene mungathe, kusankha, n'kupita kutsogolo. SAT ya pa kompyuta imalola kubwerera mkati mwa chigawo chimene mukulemba, koma chigawocho chikatsekeka simungachitsegulenso, ndiye mipata yake yonse idzazidwe wotchi ya chigawo chimenecho isanathe.